Mtolo wa Nandonde

Somoe ndi mwana wa malemu Dadi Nampunga ndi Esha, mwana wanga wachiwiri. Ana a Somoeyo ndi Mnali, mnyamata, ndi Zuhura, mtsikana amene anatenga mphuno yanga. Ali ndi mng'ono wake mmodzi, Sharifa. Ine ndine agogo awo onsewa, amene amanditcha Bibi, telala wakale wa pamsika wa ku Newala, ndipo ndatenga cholembera chifukwa kumudzi kwathu alipobe akazi amene akamuona Somoe akutsika basi amakodolana n'kumati, "Uyo wafika womana uja." Mdzukulu wanga si womana. Amene akutsutsa abwere adzanenere pakhomo panga.

Ali wamng'ono anali wovuta kumutuma. Ukati akathyole chigwada, umakamupeza atagwada pamzere akufukula mtengo wa chinangwa umene tangobzala kumene, ati aone ngati wayamba mizu. Bambo ake anamukwapulapo pa chifukwa chimenechi, koma sanasiye. Sukulu anakhoza, anapita ku koleji ya ulimi, kenaka anapeza ntchito pamalo ena ofufuzira za mbewu, kumunsi kufupi ndi nyanja. Si dokotala ayi. Ntchito yake ndi ya manja: amabzala timbewu m'mabotolo, amathirira, amapera masamba n'kumayeza zimene zili m'katimo.

Kwathu mwana wamkazi sapita ku ukwati chimanjamanja. Mayi ake amamudulira mtolo wa mitengo ya chinangwa cha kumtundu, n'kuukulunga m'nsalu yatsopano. Mwanayo akakolola koyamba, amabweza mtolo wina m'munda wa mayi ake. Ndipo amene anakupatsa mbewu sapempha akafuna kudula m'munda mwako, amangolowa ndi mpeni. Chinangwa chathu ife ndi Nandonde. Limeneli ndi dzina la agogo a mayi anga, amene anawoloka nacho mtsinje wa Ruvuma atachisenza pamutu. Nandonde amachedwa kukhwima, ndi wowawirako, koma makaka ake safumbwa msanga ndipo ufa wake ndi woyera mbee. Ine ndinapatsa Esha, Esha anapatsa Somoe.

Kenaka matenda oola mizu anakula m'minda. Chinangwa chimaoneka chabwinobwino, ukazula mizu yonenepa, koma ukatema umapeza m'kati muli zofiirira, zouma ngati nkhuni yofumbwa. Chaka china minda inaola yonse kupatula Nandonde. Esha ali ndi pakamwa polusa koma mtima wake ndi wofewa: anadyetsa mtundu wonse pamunda umodzi, mpaka Nandonde anazulidwa yense. Mitengo imene anaimika pamthunzi wa mtengo wa korosho kuti ikhale mbewu inauma mvula itachedwa. Ine munda ndinausiya kalekale chifukwa cha mawondo. Ndiye Nandonde amene anatsala ndi uja wa mtolo wa ukwati wa Somoe, umene anabzala kuseri kwa nyumba yake ya kuntchito. Mtolo wobweza anali asanabweze.

Chifukwa chake anandiuza tsiku lina atabwera kudzacheza. Anandipeza pamakina osokera ndikulimbana ndi singano, maso akukana.

"Bibi, makinawa mafuta alimo, nsalu ilipo, phazi lanu lili pachopondera. Nanga bwanji simukusoka?"

"Chifukwa iwe ukundichedwetsa ndi pakamwa pakopo. Lowetsa ulusiwo."

Analowetsa, n'kuseka. "Basi, ntchito yathu yonse kuja ndi imeneyi. Tikufuna kudziwa mmene mbewu imalowetsera ulusi."

Ndinafika sitandade seveni, ndiye za maselo, timipanda ting'onoting'ono timene timapanga tsamba, ndinazimvapo. Somoe anati m'selo lililonse muli timakina tosoka mapuloteni, zomanga thupi la mbewuyo. Uthenga wonena chimene chisokedwe umabwera ngati ulusi wautali wokhala ndi mfundo kunsonga. Koma timakinato sitiyamba tokha. Pali kanthu kena kamene ntchito yake ndi kugwira mfundo ija n'kupereka ulusi ku makina. Anakatchula dzina lachizungu losakaniza ndi manambala, ine ndinangoti wogwira mfundo, iye n'kuvomera.

"Mbewu imalamulira pamenepo, Bibi, poyambira. Kukacha, dzuwa likawala, ogwira mfundo amachangamuka. Madzi akasowa, kapena mizu ikamira m'madzi, mbewu imawagwira manja, amangolowetsa ulusi wa zinthu zopulumutsa moyo basi. Siitaya makina, siitaya ulusi. Imangotseka poyambira mpaka zinthu zitakhala bwino."

"Nanga matendawa akulowa pati?"

"Kachirombo kalibe makina akeake. Kamabwera ndi ulusi wake wokhala ndi mfundo yabodza, n'kunyenga wogwira mfundo wa chinangwa. Ndiye chinangwa chimasiya zake n'kumasoka ana a kachirombo."

"Ngati kasitomala wobwera ndi nsalu yakuba."

"Eya. Koma ogwira mfundo alipo angapo, pachibale, ndipo kachirombo kali ndi amene kamawakonda. Ife tikuganiza kuti mwina mwa Nandonde, amene kamamukondayo ali ndi dzanja lopindika pang'ono, mfundo yabodza imapulumuka."

"Wamakani ngati eni ake," ndinatero.

"Mwina, Bibi. Sitinadziwe. Kuti tidziwe tiyenera kumudwalitsa dala."

Ndinasiya kupondaponda. Anafotokoza kuti anagwirizana ndi mkulu wake wa ntchito, Mayi Kessy. Tinsonga ta Nandonde anatidula n'kutiika m'mabotolo kuti timere topanda matenda. Mitengo yotsala anaibzala m'nyumba ya neti, mmene tintchentche toyera tofalitsa matenda sitingalowe kapena kutuluka, ndipo anaimezanitsa ndi timphukira ta chinangwa chodwala. Mtengo uliwonse wodwalitsidwa anaupaka penti yofiira.

Esha anauzidwanso zonsezi. Koma Esha anali atapitako kwa Somoe pamene Zuhura anadwala malungo, ndipo anaona ndi maso ake Nandonde ataimirira mu neti, wamtali kumuposa, masamba obiriwira bii. Zimene maso ake anaona zinaposa zimene makutu ake anamva.

Sharifa atapeza mwamuna wa ku Tunduru, mudzi umene matendawa anali asanafikeko, nkhani inavuta. Esha ndi Somoe anakanganira pakhonde panga.

"Somoe, mtolo wanga."

"Amayi, wa m'mabotolo akadali ngati chala. Mundipatse nthawi."

"Ndiye mng'ono wako akhale chivalire chovala cha ukwati mpaka chala chakocho chikule? Nanga uja wa mu neti?"

"Uja ndi wodwala."

"Wodwala, masamba obiriwira chonchija? Ine ndinabadwira m'chinangwa, mwana iwe."

"Kachirombo kalimo, Amayi. Nandonde akukapirira, koma wakanyamula. Akabzalidwa pafupi ndi chinangwa cha anthu ena, tintchentche tidzakatenga."

"Unakaona ndi maso ako?"

"Ndinapera masamba, makina anaonetsa."

"Aa, makina!" Esha anawomba m'manja kamodzi. "Ndinakupatsa mtolo wa agogo, iwe wakaupatsa makina."

Somoe anati adzabweretsa mitengo yabwino ya mtundu wina wa kuntchito kwawo, yoyezedwa, kuti Sharifa asapite chimanjamanja. Esha anati chinangwa chopanda agogo sichilowa m'nsalu ya mwana wake. Anasiyana choncho. Koma ukwati utayandikira Esha anafewa mwadzidzidzi, n'kungoti, "Usadandaule, ndapeza njira." Somoe anayesa kuti mayi ake avomera. Anabwera ndi mitengo yake ija n'kuiimika kuseri kwa nyumba, n'kulowa m'ntchito yosankha mpunga ndi akazi anzake.

Somoe ali kumudzi choncho, Esha anakwera basi kupita kumunsi, ati akagule zokometsera mpunga wa pilau ndi kukatenga mapoto aakulu kunyumba ya Somoe. Mlonda wa pageti ankamudziwa. Inali nthawi ya nkhomaliro, anthu atabalalika, ndipo chitseko cha neti chinkangokoledwa ndi waya. Analowa ndi mpeni wake. Apa ndinene momveka: mwana wanga si wakuba. Anadula ngati mmene mayi amadulira m'munda wa mwana wake, kumzere wakumbuyo, mtengo umodzi apa wina apo, osawononga tsinde. Kwa iye uja unali munda wa Somoe, ungokhala wovala neti. Mtolowo anabwera nawo m'thumba n'kuubisa, monga mwa mwambo, poti mtolo suonekera mpaka tsiku lonyamuka mkwatibwi. Nsalu yokulungira ndinapinda m'mphepete ndine, koma chokulungidwacho sindinachione.

Ukwati unayenda bwino. M'mawa wonyamuka, minibasi ya a ku Tunduru inaima pabwalo, katundu akukwezedwa. Sharifa anakhala pamphasa, manja ake atajambulidwa maluwa, maso pansi. Pambali pake panali azakhali a mkwati, Bi Tabu, mayi wonenepa wa mawu aakulu, amene kuyambira tsiku lofika ankangofunsa za chinangwa chathu chosaola. Esha anatuluka ndi mtolo, akazi anayimba nthungululu, ndipo anauika pamiyendo ya Sharifa. Pouika, nsalu inasunthira pang'ono. Kumatsinde kunaoneka penti yofiira.

Ndinaona nkhope ya Somoe. Anali atanyamula thireyi ya makapu, ndipo anaiika pansi pang'onopang'ono ngati muli mazira.

"Amayi, tabwerani kuseriku."

"Alendo akunyamuka."

"Amayi, chonde."

Anapita. Ine ndinawatsatira ndi ndodo yanga, poti ana anga sakanganira kumene ine kulibe.

"Mwadula mu neti."

"Ndadula m'munda wa mwana wanga. Amene anapereka sapempha."

"Mitengo ija ndinaidwalitsa ndi manja angawa! Ikamera ku Tunduru, Nandonde adzaima wabwinobwino, koma chinangwa cha apongozi a Sharifa chidzaola, cha oyandikana nawo chidzaola. Adzati chinabwera ndi ndani? Adzati ndi mkwatibwi wa ku Newala."

Ndinamuyang'ana Esha kumaso, ndipo ndinadziwa kuti mawuwo alowa. Koma kubwalo dalaivala anali akuliza hutala.

"Ndiye ukufuna nditani? Ndipite pamaso pa anthu a ku Tunduru ndikanene kuti ndimafuna kuwatumizira matenda m'nsalu ya mwana wanga? Bi Tabu uja adzalengeza msewu wonse. Sharifa adzalowa m'nyumba ya eni ndi dzina limenelo."

"Tingosintha. Yanga ili apa."

"Nthungululu zayimbidwa kale! Mtolo ukakhala pamiyendo suchokanso. Unaonapo kuti?"

Onse awiri anandiyang'ana. Chimene Esha ananena chinali choona, chimene Somoe ananena chinalinso choona. Mtolo ukapita, Sharifa adzanyozedwa mtsogolo. Chifukwa chikanenedwa, Esha ndi Sharifa anyozedwa lero lomwe. Ndisanatsegule pakamwa, Somoe anamanga nsalu yake m'chiuno molimbitsa.

"Simunena kanthu, Amayi. Inunso Bibi, musanene kanthu."

Anabwerera kubwalo, ife pambuyo. Anagwada pamaso pa mng'ono wake, n'kumunong'oneza m'khutu mawu ochepa. Kenaka anaika dzanja pamtolo n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Mtolo uwu sunyamuka. Wadulidwa m'munda mwanga, ndipo ine sindinalole."

Pabwalo phokoso linabuka ngati njuchi.

"Ha!" anatero Bi Tabu, manja m'chiuno. "Kuno ana ndi amene amaloleza amayi awo? Ife kwathu sitinafike pamenepo."

"Ndi sukulu imeneyo," mayi wina wa m'mudzi mwathu momwemo anatero. "Chinangwa cha agogo chasanduka cha ofesi."

"Akufuna akagulitse kwa azungu!"

"Iwe Somoe, suja unapita ndi mtolo wako bwinobwino? Mng'ono wako walakwa chiyani?"

Somoe anakhalabe chogwada pomwepo, dzanja pamtolo, maso pa Sharifa. Sakanatha kuulanda. Mtolo ukakhala pamiyendo, mwini wake ndi mkwatibwi, ndipo manja a Sharifa anali ataugwira zolimba mpaka maluwa a m'manjamo anakwinyika. Mwamuna wake anaima pakhomo la minibasi osadziwa poyang'ana. Esha anaima pambali panga atauma ngati mtengo. Liwu limodzi lochokera kwa iye likanamuchotsa Somoe pamoto, koma liwulo likanawotcha Sharifa.

"Mwana wanga," Bi Tabu anauza Sharifa, "gwira chako, tiye. Usiye wansanjeyu agwade mpaka madzulo."

Sharifa anayang'ana mayi ake. Esha anayang'ana pansi. Ndikhulupirira kuti ndi pamenepo Sharifa anadziwira kuti zimene anamunong'oneza mkulu wake si zabodza, chifukwa Esha sayang'ana pansi kwa munthu. Anatukula manja ake onse awiri.

"Tengani, Dada," anauza mkulu wake.

Somoe anamasula nsalu, anatenga mitengo ija n'kuithira m'thumba msangamsanga, matsinde pansi, n'kumanga kukamwa. Anathamangira kuseri, anabwera ndi mitengo yake yoyezedwa, anaikulunga m'nsalu yomwe ija n'kuiika pamiyendo ya mng'ono wake. Palibe anayimba nthungululu.

"Tinamva kuti kuno kuli chinangwa chosaola," anatero Bi Tabu akukwera. "Sitinamve kuti kuli mitima yoola."

Apo ndiye ndinalephera kupirira. "Bi Tabu, pakamwa panu pakadali mafuta a pilau wathu. Pukutani kaye musanatukwane mdzukulu wanga. Ndipo mwana mukutengayo mukamusunge bwino, ine basi ya ku Tunduru ndimaidziwa." Anthu ena anaseka, ena anang'ung'udza, minibasi inanyamuka.

Fumbi lisanathe, Esha anatembenukira kwa Somoe, anthu akumva. "Pakhomo panga usapondepo mpaka mtolo wanga utaima m'munda mwanga." Ena amati ananena ndi mkwiyo. Ine ndinamubala, ndikudziwa kuti munali manyazi ambiri kuposa mkwiyo. Mwana wake anali atasenza chitonzo chimene chinali chake, ndipo munthu ngati Esha zimenezo zimamuwawa kuposa kutukwanidwa. Koma mawu anatuluka pagulu, ndipo Esha sabweza mawu.

Somoe anakwera basi ya masana ndi thumba lake pamiyendo. Anakauza Mayi Kessy zonse osabisa, anakalipiridwa mokwanira, ndipo mitengo ija anaiwotcha yekha kuntchito komweko. Pachitseko cha neti anaikapo loko.

Nthawi yozula itakwana, mizu yambiri ya Nandonde inapezeka yoyera m'kati, pamene chinangwa china chimene anachidwalitsa limodzi chinaola. Atayeza wogwira mfundo uja, anapezadi kuti ndi wosiyana pamalo amodzi. Ine ndinafuna kuvina, koma Somoe anati ndikhale pansi, kusiyanako sikunatsimikize kuti ndiye chifukwa chake, pakadali ntchito yambiri. Mwana ameneyu sakupatsa chisangalalo chimene sanachiyeze.

Sharifa atabereka mwana woyamba, atakhazikika m'nyumba mwake, anawauza yekha apongozi ake zoona zake. Bi Tabu anatumiza nkhuku kwa Somoe, yopanda mawu. N'chifukwa chake lero ndikutha kulemba izi osawononga banja la mwana. Akazi a kumudzi kwathu okha ndi amene sanamve, kapena anamva koma dzina loti womana linawakomera.

Nyumba ya Esha ndi yanga zinayang'anizana. Somoe akatsika basi amabwera kwa ine. Amaima panjira n'kupereka moni kwa mayi ake, Esha amayankha ali pakhonde, amafunsa za ana, koma sanena kuti lowa. Mnali ndi Zuhura amathamangira konko n'kubwerako atakhuta, nthawi zina atanyamula mbale yovundikira imene agogo awo sananene kuti ndi ya ndani.

Nandonde wa m'mabotolo Somoe anamuchotsa n'kumubzala m'miphika. Ena anafa, ena anagwira. Somoe akuti sadula ngakhale mtengo umodzi mpaka atayezanso n'kupeza kuti mulibe kachirombo, ndipo mitengo ikhwime yoti n'kubzala. Ndinamuuza kuti mayi ake akukalamba, nanenso ndatsala pang'ono. Anati akudziwa, Bibi, n'kupitiriza kundilowetsera ulusi.

Somoe atapita ulendo wathawu, Esha anawoloka njira kudzabwereka lumo limene ali nalo kale kwake. Anaima pakhomo akulitembenuza m'manja.

"Wati Nandonde wafika pati?"

Ndinamuonetsa pabondo langa.

"Pamenepo basi?" anatero, n'kumapita.

Kumapeto kwa munda wake kuli mzere umodzi umene sabzalapo kanthu chichitikire ukwati uja. Oyandikana nawo anamupempha kuti aikepo nandolo, anakana. Mzerewo ukadali wopanda kanthu, ndipo Esha amaupalira.